Tsiku Limene Kandege Kanachoka ku Mualadzi

Aderito anafika ku Mualadzi ndi kamiyau, galimoto yonyamula katundu, chimanga chitangokololedwa. Anabwera kudzatenga kandege ka amalume ake.

Amalume akewo, a Inocêncio, anauluka nako zaka zambiri pa ntchito ya bungwe lina loteteza nyama zakutchire. Ankazungulira m'mwamba kuona kumene njovu zalowera, n'kubwera kudzachenjeza eni minda. Bungwelo litasiya ntchito linawasiyira kandegeko poti kanali katatopa. Posakhalitsa maso awo anachita ng'ala, ndipo kanangokhala m'chisakasa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Aderito, mwana wa mlongo wawo amene anaphunzira kuuluka ku Beira, ndiye anapempha kuti akayese kukadzutsa.

"Usanakakweze, tiyambe takamanga," anatero a Inocêncio. "Ndikufuna ndikagwire kali chiimire."

Anakakankhira ku bwalo la mpira. Kunsi kwake sikunali kambiri: matayala atatu aang'ono, limodzi kutsogolo, awiri kumbuyo, mpando umodzi, ndi injini kuseri kwa mpandowo yokhala ndi chopukusa mphepo chathabwa. Phiko linali m'thumba lalitali ngati mtanda wadenga. Atamasula zingwe analitambasula pansi, nsalu yachikasu yokungidwa pa mapaipi opepuka, yosongoka kutsogolo, yofutukuka kumbuyo ngati phiko la mleme. A Inocêncio ankalowetsa timitengo topindika m'timatumba ta nsaluyo ndi manja okha, nkhope atayang'ana kumbali. Kenako awiriwo analinyamula n'kulimangirira pamwamba pa mzati wotuluka kuseri kwa mpando.

Akazi awo a Inocêncio, a Elesi, anafika ndi chigubu cha madzi, naima chapatali. Zaka zonsezo sanakakhudzepo kandegeko. Ankakatcha mkazi mnzawo.

"Mayi, tabwerani mukhalepo," anatero Aderito. "Mawa mudzakafuna kulibe."

"Ine? Anthu anapanga chinthu cha mpando umodzi dala, kuti akazi a eni ake azitsala pansi."

"Si choncho, mayi a Helena," anayankha amuna awo. "Kanayenera kupepuka. Mukaika mpando wina, injini ija siinyamula."

A Elesi anang'ung'udza, komabe anakwinya kapulana yawo, nsalu imene anavala m'chiuno, n'kukhala. Mpandowo unali wotsika kwambiri moti anadzidzimuka, n'kugwira dzanja la amuna awo. A Inocêncio anawamanga lamba, nawaika mapazi pa zopondera za tayala lakutsogolo. Ndiye anawagwiritsa chitsulo chopingasa chimene chinkalendewera kuchokera kuphiko, pafupi ndi chifuwa chawo.

"Ichi ndiye zonse. Mukachikankha kutsogolo, mukukwera. Mukachikokera kwa inu, mukutsika. Kalibe mchira aka, kamamvera kumene thupi lanu lalemerera."

A Elesi anakankha pang'ono. Phiko lonse linadzutsa mphuno pamwamba pawo, mthunzi n'kusuntha pa udzu. Kenako anatembenukira kwa amuna awo.

"Nanga nyumba yathu inkaoneka bwanji kumwambako?"

"Ngati chipewa chogwa m'njira. Nthawi ija inali idakali yaudzu. Ndinkaizindikira ndi ufa umene munkayanika pamphasa. Unkawala kutali, ndisanaoloke n'komwe mtsinje."

"Ine munkandiona?"

"Masiku onse. Mukamva kulira kwa injini munkaweramuka m'munda, khasu lili m'manja, Helena ali kumsana."

"Ndiye bwanji simunkakweza dzanja? Ine ndinkati munthuyu akakhala kumwamba sadziwa aliyense."

"Ndikweze dzanja, chitsulochi ndisiyire yani? Ndinkapendeketsa phiko uku ndi uku. Umenewo unali moni wanu."

A Elesi anawayang'ana amuna awo kukamwa kuli yasa.

"Kupendekeka kuja? Ine ndinkayesa mukugwa! Ndinkagwada m'mizere momwemo kupemphera!"

Aderito anaseka mpaka kukhala pansi. A Inocêncio nawo anaseka, misozi ikutsika, ndipo akazi awo anawamenya pamkono, koma dzanja sanalichotsepo.

Aderito anadina nsalu ya phiko ndi chala, napukusa mutu. Inali itafooka, yosati n'kuulutsa munthu mpaka atapeza ina. Koma injini anati aiyese. Anathira gazolina wosakaniza ndi mafuta ngati wa mota, njinga zamoto zakale zija, naika miyala kumatayala, nakoka chingwe. Inatsokomola, n'kuzima. Anakokanso kangapo, mpaka inagwira. Fumbi linauluka kumbuyo, mbuzi zinabalalika, anthu anatuluka m'nyumba zawo. A Elesi anamva kunjenjemera kukudutsa mumsana monse, ndipo anafuula kuti asaizimitse msanga.

A Inocêncio anaima pambali, mutu utapendekera ku phokosolo, milomo ikugwedera ngati akuyankhula nayo injiniyo.

Dzuwa litapendeka anaphwasula zonse. Phiko linabwerera m'thumba lake, ndipo amuna ena a m'mudzimo anathandiza kukweza kandegeko pa kamiyau. Aderito anatsanzika atagwira chipewa m'manja, galimoto n'kulowera njira yafumbi yopita kumsewu waukulu.

Awiriwo anabwerera kunyumba pang'onopang'ono, a Elesi ali patsogolo kuwauza amuna awo pamene pali mwala. Atafika pa mtengo wa mango a Elesi anafunsa ngati kwawo kwa amayi awo, kuseri kwa phiri, nakonso kunkaoneka. A Inocêncio anati kunkaoneka, ndipo anakhala pansi kuyamba kufotokoza.