Moni wa Optaciano

Mzere wobiriwira uja unayenda bwinobwino mpaka pakati, kenaka unaima, pagalasi n'kubwera mawu ofiira akuti ntchito yalephereka. Wilfrido Cañete anatsonya. Sabata inali ikupita kumapeto iye akuwerenga mawu omwewo.

Chipinda cha seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse pachipatalapo, chinali kuseri kwa nyumba yochapira, chopanda zenera, ndipo munthu sankafikako pokhapokha ngati china chaonongeka. Wilfrido anauzidwa kuti aike makompyuta awiri atsopano m'kati mwa seva yakaleyo, a mtundu uja wosagwirika ndi manja, omwe amakhala m'bokosi limodzi ngati alendi m'nyumba imodzi, aliyense chipinda chake. Ina inali yolembera odwala, ina ya kumalo operekera mankhwala.

Palibe chimene sanayese. Anakoperanso pulogalamu poganiza kuti yoyamba inabwera yoduka. Anasintha nthambo, anapima madisiki, anapukuta fumbi lofiira la m'tauni yawo ya Concepción lomwe limalowa ngakhale mopanda mpata. Magetsi nawo anawatukwana, osalakwa kanthu. Chinthu chimodzi chokha ankachilambalala, ndipo ndicho ankachidziwa kuyambira Lolemba: memore ya seva, malo amene makompyutawo amagwiriramo ntchito, sinali kukwana, chifukwa theka lake linagwidwa ndi mlendi wakale wotchedwa Optaciano.

Optaciano Brítez anali mnzake wa ntchito, komanso compadre wake, pakuti Wilfrido ndiye anamuimirira mwana wake Liz pa ubatizo. Anali munthu wodzimva ndithu, n'chifukwa chake kompyuta imene anaimanga m'sevamo anaipatsa dzina lake lomwe. Ntchito ya kompyutayo inali kuyendera makina onse a chipatala m'mamawa n'kutumiza uthenga pafoni. Koma Optaciano sankatha kulemba chinthu chopanda chipongwe. Lero uthenga unkati, "Compadre, wadzuka? Kuno zonse zili bwino kupatula nkhope yako." Mawa unkabwera wina wonena za mimba yake kapena timu yake ya mpira.

Optaciano anamwalira ndi matenda a mtima chaka chapitacho, koma kompyuta yake sinamve za maliro. M'mawa uliwonse inkamunyozabe Wilfrido, iye n'kumaseka yekha pakhonde. Mkazi wa Wilfrido anapita kukagwira ntchito ku Buenos Aires, ndipo mafoni ake anayamba kubwera patalipatali mpaka kulekeratu. Kunena zoona, moni wa munthu wakufayo ndiwo unali moni wokhawo umene ankaulandira.

Masana a Lachinayi anali akumwa tereré, tiyi wozizira wa masamba uja anthu amamwa mopatsirana, kudzithirira yekha madzi ozizira popanda womupatsira chikho, pamene a Mirna Zárate, mkulu wa ofesi, analowa. Anadandaula kuti odwala akulembedwa pamapepala, mzere ukufika kumsewu, ndipo dzulo lake mayi wina anangotsala pang'ono kupatsidwa mankhwala a mwini.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, bwana," anatero Wilfrido.

"Nkhono yanuyo tidzaione maso tili kumanda? Tatsegulani ndione nane."

Za makina a Mirna sankazidziwa kwenikweni, koma kuwerenga ankatha. Anaona dzina lija pagalasi, pambali pake chimzere chonenepa kuposa zonse. Anafunsa ntchito yake, Wilfrido n'kuyankha kuti imalondera zinzake. Anafunsanso ngati pulogalamu yatsopanoyo ilibe mlonda wakewake. Wilfrido anavomera kuti ili naye.

"Ndikudziwa kuti anali m'bale wanu," anatero a Mirna motsitsa mawu. "Koma bedi m'chipatala muno ndi la amoyo, a Wilfrido."

A Mirna atatuluka, Wilfrido anakhala nthawi yaitali dzanja lili patebulo. Akanatha kukopera zipongwe zija n'kuziika kwina, ntchito yosatenga nthawi n'komwe. Koma pamenepo akanakhala akudzilembera yekha, ndipo zimenezo zinamuchititsa manyazi kuposa kusungulumwa kwenikweniko. Anadina pozimitsira. Makinawo anamufunsa ngati watsimikiza, iye n'kuvomera. Atayambiranso ntchito ija, mzere wobiriwira unadutsa pakati paja osaima, ndipo dzuwa lisanalowe makompyuta onse awiri anali akugwira ntchito. Palibe amene anabwera kudzathokoza, naye sanayembekeze.

M'mawa mwake ali pakhonde foni inalira. Anali mayi Delfina, amene onse ankawatcha ña Delfina, mkazi wa malemu Optaciano, amene Wilfrido anali asanawaonenso chiikireni maliro chifukwa choopa misozi yawo.

"Alamu, pepani kukuvutitsani m'mamawa. Kodi kuchipatalako kwagwa vuto? Bambo a Liz sanandipatse moni lero."

Wilfrido anachita ngati wathiridwa madzi ozizira. Sankadziwa kuti Optaciano anaikamo nambala ina. Ña Delfina anafotokoza kuti uthenga wawo unkawafunsa ngati amwa mankhwala a shuga, n'kuwatcha gogo wamakani, ndipo iwo ankauyankha mokweza ali kukhitchini. Lero anakhala atagwira foni mpaka madzi a tiyi anazizira m'ketulo.

Bodza linali pafupi. Akananena kuti ndi netiweki akanamukhulupirira, kwa masiku angapo mwina.

"Ndine ndamuzimitsa, alamu. Dzulo masana. Malo m'makina anachepa."

Kumbali inayo kunamveka tambala, ndi njinga yamoto ikudutsa.

"Sindikukuimbani mlandu," anatero ña Delfina pamapeto pake. "Koma mukanandiuza dzulo lomwelo, ndikanamutsanzika."

Wilfrido anafunsa ngati mankhwala amwa.

"Ndimwa," anatero, nadula foni.