Kankhosa Kodzola Perefyumu

Nkhosa yathu yaikazi inasankha m'mawa wozizira kwambiri chaka chonse kuti iswe. Chisanu chinali chitaiondetsa kale, mimba yokha ndiyo inkatsogola, moti itaswa inangogona pansi ili wefuwefu, mphamvu yonyambita mwana wake ilibe. Kamwanako kanali konyowa, kakunjenjemera, makutu ozizira ngati supuni. Kamwana ka nkhosa kakazizidwa kasanayamwe mkaka woyamba, sikafika masana.

Amuna anga ndi ometa tsitsi. Za nkhosa sadziwa ngakhale kumchira, koma mtima ali nawo. Anakafungatira m'jekete, n'kuthamangira nako kushopu kwawo kuseri kwa nyumba. Anakakhazika pampando wometera, n'kuyatsa chowumitsira tsitsi. Ubweya unauma, kanadzutsa mutu, kanalira. Mpaka pamenepo ndinkawanyadira.

Koma manja a munthu ali ndi nzeru zawozawo. Ndisanatsegule pakamwa, anali atakasasa m'khosi ndi burashi, atakathira paudala, n'kumalizira ndi perefyumu kuseri kwa makutu onse awiri.

"Bambo, mwatani?"

"Mayi, pampando pano kasitomala sachoka osanunkhira."

Titabwerera kukhola, nkhosa ija inadzuka, inanunkhiza kamwanako, n'kukagunda ndi mutu. Nkhosa imadziwa mwana wake ndi fungo, ndiye ife tinaibweretsera mkwati. Kanayesanso kufika kubere, inakagundanso, kanagwa chagada.

"Ndi nsanje imeneyi," anatero amuna anga. Mphepo inkalowa m'mipata ya khola, ndipo kamwana kanayamba kulira motsitsa.

Ndinapsa mtima mpaka misozi. Ndinapisa m'thumba la jekete lawo, n'kutulutsa botolo la perefyumu limene anabwera nalo.

"Nkhosayi igwireni mutu!"

"Mayi, ameneyo ndi wa makasitomala..."

"Ndati igwireni!"

Ndinaipopera pamphuno penipeni. Inayetsemula, inapukusa mutu, inatiyang'ana ngati tapenga. Kenako inanunkhiza khoma, inanunkhiza mwendo wake, inanunkhiza kamwana. Zonse tsopano zinali fungo limodzi. Inaima phee, kamwana kanalowa pansi, ndipo posakhalitsa kamchira kanayamba kugwedera. Ndinakhala pansi pa manyowa pomwepo ndi chimwemwe.

Nkhosa ija inatembenuza khosi n'kununkhiza buluku la amuna anga. Inawanyambita bondo mwachikondi, kenako inayamba kuwakankha pang'onopang'ono ndi mphuno, kuwalondolera kubere linalo.

"Mayi, ikufuna chiyani?"

"Musakane, bambo. Kukuzizira, yamwani."