Macfussy Atsanzika Ali M'chitokosi

Macfussy anabwera ku Doha kudzalondera khomo. Khomo lake linali la bwalo la ayezi, m'kati mwa chinyumba cha mashopu. Kunja dzuwa lowamba munthu. M'kati chisanu choposa cha ku Dedza mu Juni. Ntchito inali yosavuta: kuloza anthu pamphumi ndi kamfuti koyezera kutentha, kuona ngati foni ikuonetsa zobiriwira, chizindikiro choti alibe kolona, basi lowani.

Kenako kolona inaphwasula timu ya bwana wake.

Bwanayo anali Hudak, mzungu wa ku Slovakia, wamimba, wa mawu ngati hutala ya basi. Masana anali manijala wa bwalolo. Madzulo anali kochi wa timu ya hoke: mainjiniya, madokotala a mano, anthu a m'mabanki, onse kuthamangitsa kachimbale kakuda ndi ndodo, atavala nsapato zokhala ndi mipeni kunsi. Ena anathawira kwawo ndege zisanaime. Ena anali m'kwarantini. Ligi itatsegulidwanso, osewera anaperewera. Hudak anayang'ana uku ndi uku. Anaona mlonda.

Macfussy ananena kuti ayezi amene iye amamudziwa ndi wa mafirizesi a ku Ndirande. Kochi anati si kanthu, pa timu aliyense ali ndi ntchito.

Ntchito inapezekadi. Mu hoke, wolakwa amakakhala mphindi ziwiri m'kachipinda kagalasi kutsidya kwa bwalo, anzake n'kumasewera operewera. Geofrey, mkulu wa ku Chipata woyendetsa chigalimoto chosalaza ayezi, anakatcha kachipindako chitokosi. Koma akalakwa kochi, kochi salowamo. Amatuma wosewera kukamukhalira. Ndipo Hudak ankalakwa. Ankatukwana refa, wezulo ya refa, ndi dziko lomwe refa anachokera.

Wezulo ikalira, osewera awiri ankamugwira Macfussy m'khwapa, n'kumukankha ngati wilibala mpaka kutsidya. Ankakhala. Ankaganiza za moyo. Mphindi zikatha, awiri aja ankabwera kudzamutenga.

Masewero asanayambe, Hudak ankalalikira, masiki ili pachibwano. Timu ndi thupi limodzi. Kupambana kumafuna mwambo. Munthu wosaugwira mtima alibe malo pano. Akatero ankaloza Macfussy: taonani uyu, sanakhudzepo kachimbale, sanadandaulepo, ameneyu ndiye mtima wa timu. Mainjiniya ankagogoda ndodo pansi. Mtima wa timuwo matako ali buu ndi kugwa.

Chaka chomwecho lamulo linasintha. Munthu ankatha kusintha ntchito osapempha chilolezo kwa bwana. Hotela ina ku Al Nasr inkafuna dalaivala. Macfussy anakayesa mwayi, anamutenga. Notisi anapereka, masiku ake anakwana. A hotela anati Lamlungu m'mawa akhale atafika, apo ayi kiyi apatsa wina.

Chinatsala chimodzi. Kutsanzika.

"Aise, lamulo lakumasula. Khalas, zatha," anatero Geofrey, akudya m'chipinda chawo ku Bin Mahmoud. "Ufunanso chani? Bandi?"

Macfussy anati iye sanakulire kutchire. Munthu suchoka pakhomo pa mkulu ngati mbava. Umakhala pansi, umapereka moni, umathokoza, umanena kuti ndikupita. Mkuluyo akukweza dzanja, ndiye ulendo wayamba. Geofrey anati mzungu zimenezo sazidziwa.

"Iwo sazidziwa. Ine ndimazidziwa."

Anayesa. Vuto ndi lakuti kutsanzika kwa kwathu kumayambira kutali. Macfussy akangofika pothokoza, Hudak ankamulanda mawu. Eya, kuthokoza, ndicho chimene osewera a masiku ano alibe. Kuchoka apo ulaliki unkalowa ku mwambo, ku chigoli chomwe anagoletsa ali mnyamata, ku zakuti wosiya timu pakati pa ligi ndi munthu woti asamadye ndi anthu. Za notisi sankadziwa. Nthawi ya ligi za ku ofesi sankawerenga.

Ulendo woyamba Macfussy anatuluka m'ofesimo ndi chisoti chatsopano. Wachiwiri anatuluka ali wachiwiri kwa kaputeni.

Loweruka masana kunali masewero. Lamulo la kochi linali lakuti tsiku la masewero palibe womulankhula. Macfussy anamanga zingwe za nsapato mtima uli m'mwamba. Anali ataganiza kale: akalephera kutsanzika lero, aimbira a hotela kuti amudikire mpaka Lachiwiri. Ankadziwa kuti sadikira.

Mipando inali yopanda anthu chifukwa cha kolona, ndiye liwu lililonse linkamveka mbali zonse. Hudak anayamba ndi maso a refa. Wezulo. Anamugwira Macfussy m'khwapa, yalla, tiyeni, kutsidya. Hudak sanasiye. Anapitirira ku sukulu yomwe refa anaphunzira. Kenako botolo la madzi linauluka.

Refayo anali munthu woonda, wosakonda phokoso. Analoza khomo. Ananena momveka kuti kochi atuluke, ndipo akangotulutsa liwu limodzi lokha asanafike panja, ligi yonse aionera pafoni.

Njira yotulukira inkazungulira bwalo n'kudzera kuseri kwa chitokosi. Hudak anabwera nayo, nkhope ili psuu. Anakweza masiki n'kutseka pakamwa, koyamba chiyambire mliri.

Macfussy anamuona akubwera. Anaona masikiyo. Anaona refa ataima, wezulo kukamwa, akudikira.

Anatsegula kachitseko kakumbuyo. Anavula chisoti ndi magolovesi. Anafuna kungonjuta pang'ono mwaulemu, koma nsapato za mipeni sizidziwa ulemu. Anagwera pa maondo, n'kutseka njira yonse.

Anapereka moni. Chete. Anathokoza chifukwa cha ntchito, n'kuima kaye mwachizolowezi, kudikira kulandidwa mawu. Chete. Ndiye anapitirira, pang'onopang'ono, monga zimayenera kukhalira. Anathokoza chifukwa cha chisoti. Anathokoza chifukwa cha udindo. Anathokoza chifukwa cha malangizo onse okhudza kuugwira mtima.

"Pomwe ndinakulakwirani mundikhululukire, bwana. Pomwe munalakwa inu, ndinakukhalirani kale. Ine ndiye ndikutsanzika. Mawa ndiyamba kwina."

Maso a Hudak anatong'oka. Masiki inkafufuma n'kuphwa, kufufuma n'kuphwa. Ulaliki wonse unali m'menemo, ukusowa potulukira. Anacheukira refa. Refa anapendeketsa mutu.

Hudak anakweza dzanja n'kukupiza mphepo, kuti munthuyu achoke panjira.

Dzanja linakwera. Macfussy sanafunenso zina. Anawomba m'manja mofatsa.

"Zikomo, bwana. Tsalani bwino."

Anakwawira pambali, kochi anadutsa. Macfussy anavula nsapato za mipeni, anaziika bwinobwino pabenchi ya m'chitokosi, natuluka ndi masokosi. Palibe anabwera kudzamutenga. Palibenso anazindikira kuti mtima wa timu wachoka. Popanda wowakalipira, madokotala a mano anayamba kupatsirana kachimbale. Anapambana, koyamba chaka chimenecho.

Madzulo ake Hudak analemba pagulu la timu kuti izi ndi zipatso za mwambo ndi umodzi zomwe wakhala akuphunzitsa. Analonjeza kuti sabata yamawa akalankhula kwambiri.

Lamlungu Macfussy analandira kiyi. Galimoto yake inali ndi ezi youzira mphepo yozizira, ndipo anaizimitsa.

Loweruka lotsatira, akudikira alendo pakhomo la hotela, foni inanjenjemera. Chithunzi. Geofrey ali m'chitokosi, kuseri kwa galasi, atavala chisoti chija, chikumufika m'maso. Pansi pake panali mawu ochepa.

"Aise, kutsanzika kuja umayambira pati?"