Usipa pa Galasi la a Rowland

Mwezi woti akazi awo achire utakwana, a Rowland Mkwanda a ku Lungwena anapeza kuti chotenthetsera madzi cha dzuwa chasiya ntchito. Anatsegula mpopi wa pamgolo, koma madzi ake anali ofunda chabe ngati a m'chithaphwi.

Chipangizochi anawaikira ndi a Macloud Kachingwe, mphunzitsi wa zaumisiri pa mishoni, m'chaka cha 1987. Linali bokosi la matabwa loimikidwa pabwalo mopendekera kumpoto. M'kati munali lata lopaka utoto wakuda ndi mapaipi, pamwamba galasi lalikulu, pambali mgolo wokwezedwa pa nsanja. A Rowland ankachifuna chifukwa cha akazi awo, a Hana. Mayi akachira amathowedwa ndi madzi otentha m'mawa ndi madzulo, pamene nkhuni zinali kutali kuphiri.

"Galasili likhale loyera, bambo," anatero a Kachingwe tsiku loika. "Musaikepo kanthu. Muzilipukuta m'mawa lisanatenthe, ndipo mumgolo musamathe madzi."

A Rowland anavomera ndi mutu, monga amachitira munthu amene maganizo ake ali kunyanja.

Nyengo ya usipa itafika, mathandala oyanikapo nsomba anadzaza. Mnzawo wa pagombe, a Sefu, anagwira galasi lija n'kumva kutentha kwake.

"Achimwene, thandala labwino chonchi mukulisiya lopanda kanthu? Apa usipa uuma dzuwa lisanapendeke. Aphunzitsi aja nsomba amangoidziwira m'mbale."

Usipa unaumadi, ndipo a Rowland anazolowera. Mafuta ndi mamba zinakanirira pagalasi, fumbi n'kumatirira, mpaka dzuwa silinkalowanso.

Tsopano uthenga unali utabwera wakuti apongozi awo, a Benedicta, afika madzulo kudzadikirira mwana wawo. A Rowland anachita mantha ndi manyazi, poti anali atadzitama kale kuti kwawo madzi amatentha okha. Dzuwa lili paliwombo anathamangira kunyanja, anatunga ndowa yodzaza n'kukhuthulira pagalasi. Linangoti phwaa, kusweka pakati.

A Kachingwe atabwera, anayang'ana mamba a nsomba aja, osafunsa zambiri.

"Galasi lotentha silifuna madzi ozizira, bambo. Mukanadikira m'mawa, sopo ndi kansalu zikanathetsa vutoli. Lina tikagula ku Blantyre, koma lole ya mishoni idzapita mwezi wamawa."

"Popanda galasi sichingatenthe ngakhale pang'ono?"

"Mphepo izichotsa kutentha konse. Mwaonjeza, bambo."

A Hana anachira sabata yomweyo, mwana wamkazi. M'mawa mwake a Benedicta, gogo wa mwendo wotupa, anatenga nkhata n'kulowera kuphiri. Anabwera dzuwa litakwera, akutsimphina, atasenza kamtolo kosakwana kuthowa kawiri. Mpongozi sayang'anizana ndi mkamwini, choncho anayankhula ndi mwana wawo m'nyumba, koma mawu ake anali oti amveke pakhonde.

"Hana, uwafunse amuna ako ngati usipa wawo ungathowe munthu."

A Rowland mawuwo anawalasa mtima. Kutacha sanapite ku bwato. Anatenga nkhwangwa ndi chingwe, ndipo pobwera anadutsa pagombe mtolo uli pamutu, asodzi anzawo akusoka maukonde. Ena anaseka. A Sefu anaweramira ukonde wawo ngati aona chibowo chachikulu.

Usipa wa mwezi umenewo unagwidwa ndi ena. A Rowland anasenza nkhuni tsiku ndi tsiku mpaka lole inabwera.

Phunziro: Chotenthetsera madzi cha dzuwa si thandala. Galasi lake lizikhala loyera, lizitsukidwa m'mawa lisanatenthe, ndipo malangizo tiziwamvera kwa amene anachiika, osati kwa amene wangochigwira.