Masitepe a Kuseri kwa Damu

Mihiata Rewiri anayamba ntchito pa damu la Waikohe mu Febuluwale, koma pofika Epulo mtima unali utachokapo kale. Anali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Anaphikirapo anthu a m'migodi ku Australia, anathyolapo maapozi ku Hastings, anayendetsapo galimoto ya mkaka, ndipo palibe pamene anamalizapo chaka. Amayi ake ankati mwanayu anabadwa mwendo wina uli kale panjira.

Ntchitoyi anamupezera malume ake, a Kereama, amene anakalambira pa damu lomwelo. Inali yotsikitsitsa m'kampani yonse ya magetsi: kuwonjola miono m'mawa, kuyeza mikunga, kuilemba m'buku, kuiika m'thanki ya pagalimoto n'kukaisiya mumtsinje kumunsi kwa damu. Mvula ya Epulo ikayamba, mikunga yaikazi yokalamba imasiya kudya, maso amakula, ndipo imanyamuka ulendo wokaswa kunyanja yamchere. Ikalowa m'mapaipi a makina a magetsi imatuluka ili zidutswa. Oidutsitsa anali anthu awiriwa ndi galimoto imodzi.

Kuzizira sikunkamuvuta Mihiata, ngakhale kuterera kwa mikunga. Chinkamudya chinali kudikira. Milungu itatu mvula inakana, miono n'kumatuluka ndi timikunga tiwiri kapena titatu, tsiku lina masamba okhaokha.

"Malume, ine ndinabwera kudzagwira ntchito, osati kudzalondera madzi," anatero tsiku lina ali m'bwato.

"Kulondera madziko ndiye ntchitoyo," a Kereama anayankha akuthira tiyi. "Khala pansi, utigwetsera m'madzi. Kodi m'thupi mwakomo muli nyerere?"

"Inu mwakhala pano zaka makumi atatu. Simutopa?"

"Ndinatopa chaka choyamba. Kenako kutopako kunatopa nane."

Lachiwiri mlungu umenewo, akutsuka thanki, Mihiata anaona kuti kamuvi ka pa botolo la mpweya katsika kwambiri. Botolo limeneli ndi limene linkapumitsa mikunga m'thankimo paulendo. Lina lodzaza linali kunyumba yosungira zida, tsidya la damu, ndipo kukalitenga kunkafuna kusaina mapepala. Anati adzapita mawa. Mawa lake anaiwala.

Mvula inagwa Lachitatu lonse osapumira. Lachinayi m'mawa, atagwira chingwe cha mono woyamba, Mihiata anaganiza kuti wakodwa pa chitsa. Anakoka awiri, mono n'kutuluka uli wakuda bii, ukuyenda wokha. Wachiwiri chimodzimodzi. Pofika wachisanu, pansi pa bwato panalibe poponda.

"Abwera azimayi aja!" a Kereama anafuula, chipewa chitagwera m'madzi. "Taona uyo! Ameneyo ndi msinkhu wa agogo ako!"

Inalipo mikunga makumi atatu ndi isanu ndi itatu. Waukulu kwambiri unali wonenepa ngati ntchafu ya munthu, wautali kufika pachifuwa cha Mihiata. Anayeza yonse n'kuiponya m'thanki. Ulendo wa kumunsi unali wa mphindi makumi anayi, ndipo Mihiata anadziuza mumtima kuti mpweya ukwana.

Sanapite patali. Atangokhota pa kona yachitatu anapeza phiri litagumukira mumsewu, mitengo ya paini itagona mizu m'mwamba. Njira ina inali yozungulira kutauni, maola awiri ndi theka. A Kereama anatsika, anasuzumira m'thanki, kenako anayang'ana botolo lija. Thovu linali litasiya kutuluka. Mikunga ina inali itatulutsa kale mitu pamwamba pa madzi.

"Botololi unaliona liti?"

"Lachiwiri."

"Linali bwanji?"

Mihiata anayang'ana kumbali. A Kereama anamuyang'ana kanthawi, n'kubwerera m'galimoto.

"Tembenuza. Tibwerere kudamu."

Kudamuko anapeza nyumba ya zida ili yokhoma. Wosunga makiyi anali tsidya lina la chigumukirecho. Anaimbira Bronwyn Haultain, mkulu wawo woona za nsomba, koma foni inangolira. Kuibweza mikunga m'damu sikukanathandiza, chifukwa ndi mvula imeneyo makina onse anayi ankazungulira, ndipo pofika mawa ikanakhala italowa m'mapaipi.

Mihiata ankazungulira galimoto, kupita uku, kubwera uku. Kenako anaima pa kachitseko kachitsulo ka m'mphepete mwa khoma. Kuseri kwake kunali masitepe akale a simenti, otsika ndi thanthwe mpaka kumtsinje.

"Malume, awa amafika pansi?"

"Amafika. Ndi mazana awiri ndi makumi asanu ndi atatu. Anawatseka kalekale, popanda chilolezo sulowa."

"Kiyi muli nayo?"

"Iwe, bondo langali ukuliona? Ine sinditsika pamenepo."

"Sindinati mutsike. Ndati kiyi."

A Kereama anapukusa mutu, anatukwana chapansipansi, koma dzanja linali kale m'thumba. Analankhula pa wailesi ndi wa m'chipinda choyendetsera makina, kumuuza kuti pa masitepe pakhala munthu. Wa pa wailesiyo anayamba kufunsa za chilolezo. A Kereama anati, "Sindikukumva bwino, mphwanga, mvulayi," n'kuyika wailesi pampando.

Ananyowetsa ziguduli. Mkunga umatha kukhala nthawi kunja kwa madzi khungu likakhala lonyowa, ndiye a Kereama ankaika inayi kapena isanu m'chiguduli, kumanga kukamwa, n'kumusenzetsa Mihiata kumsana. Iwo anatsala pamwamba, akutunga madzi atsopano ndi ndowa n'kumathira m'thanki.

Ulendo woyamba anatsika chothamanga. Masitepe anali ndi ndere, chogwirira chinali chadzimbiri, ndipo madzi osefukira pa damu ankamuwaza ngati mvula yachiwiri. Chiguduli chinkapindika chokha kumsana, kumukankhira uku ndi uku. Pansi anagwada pa mwala, anamasula, mikunga n'kutsetsereka m'madzi a thovu osacheuka n'komwe. Pokwera m'pamene anadziwa kuti masitepe aja ndi angati.

Ulendo wachinayi miyendo inayamba kukana. Wachisanu, ali chapakati, chiguduli chinang'ambika pansi. Mkunga umodzi unatuluka, unagwera pa sitepe, n'kuyamba kutsika wokha, phwa, phwa, phwa, ngati ukudziwa kumene ukupita. Mihiata anafuna kuugwira, phazi linaterereka, anagwera dzanja lamanzere. Ululu unakwera mpaka m'khutu. Anakhala pomwepo atakumbatira chiguduli chong'ambikacho ndi miyendo kuti yotsalayo isathawe, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Mkunga uja anaupeza pansi penipeni, ukudzikoka pa miyala kulowera kumadzi.

Atafika pamwamba a Kereama anaona dzanja litatupa.

"Basi, zakwana. Amayi ako andipha."

"Yatsala ingati?"

"Khumi ndi isanu ndi umodzi. Ndati zakwana, Mihi."

"Mangani, malume. Mundimangirire ndi chingwe paphewa, dzanjali silikugwira."

"Mwana wamakani ngati bulu iwe. Kwanu munatengera ndani?"

"Alongo awo a amayi."

Anamumangirira. Waukulu uja anali kuusiya dala, poti unkafuna ulendo wakewake, ndipo ankati ndi wamphamvu, upirira. Mihiata atakwera kachisanu ndi chitatu, atagwira khoma kuti asagwe, anapeza malume ake ataima pambali pa thanki, ndowa ili pansi. Mkunga waukuluwo unali utatembenuza mimba yoyera m'mwamba. Pambali pake panali itatu ina.

Anayesa kuuthira madzi, kuugwedeza, kuutsegula kukamwa. A Kereama anamugwira paphewa.

"Usiye. Wapita."

Bronwyn anafika cha m'ma thili koloko, atayenda wapansi kudutsa pa chigumukire, matope mpaka m'mawondo. Anayang'ana kachitseko kotsegula, dzanja la Mihiata, ndi mikunga inayi yogonekedwa pa udzu.

"Wakuuzani kuti mutsegule apa ndani?"

"Ndine," a Kereama anatero. "Ndipo botolo lija ndi ine amene..."

"Akunama," Mihiata anawadula. "Botolo ndinaliona Lachiwiri kuti latsala pang'ono. Ndinachita ulesi. Kiyinso ndinachita kuwaumiriza."

Bronwyn anapukuta magalasi ndi malaya onyowa.

"Mukanagwa pamenepo, a Mihiata, tikanakutolani ndi fosholo. Kalata yochenjeza mulandira nonse awiri, sindingabise. Yadutsa ingati?"

"Makumi atatu ndi inayi."

"Pamsana?"

"Pamsana."

Bronwyn anasuzumira pa masitepe aja mpaka pansi, anapumira m'mwamba, n'kunena kuti, "Tiyeni kuchipatala."

Dzanja linali litathyoka kafupa kamodzi. Mikunga yakufa ija Bronwyn anaichotsa timafupa ta m'mutu towerengera zaka, ndipo nyama yake a Kereama anapita nayo kwa akuluakulu a mtundu wawo, amene anaiwamba pa utsi n'kugawana. Mihiata anapatsidwa chidutswa, koma anangochiyang'ana pambale.

Patatha milungu iwiri, akulemba m'buku ndi dzanja limodzi, Bronwyn anamubweretsera kapepala. Mkunga waukulu uja unali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zitatu. Unalowa mumtsinjewo khoma la damu lisanathe kumangidwa, ndipo unakhala kumtunda kwa damulo nthawi yonseyo. Mihiata anawerenga kawiri, anatuluka panja, anayenda mpaka kumapeto kwa khoma n'kubwerera, anapitanso. A Kereama ankamuonera pawindo osamuitana.

Anagwira ntchitoyo mpaka mikunga itasiya kutsika kumapeto kwa Meyi, dzanja lili m'pulasitala yokutidwa ndi jumbo. Bronwyn anamuuza kuti malume ake akupuma ntchito chaka chamawa, ndipo ngati akufuna malowo angamutumize kukaphunzira miyezi itatu. Mihiata anati aganiza. Anaganiza mlungu wathunthu, akudzuka ndi yankho lina, kugona ndi lina.

Mu Juni anapita ku Nelson, kumene mnzake anamupezera malo pa sitima yopha nsomba. A Kereama ndi amene anamuperekeza kokwerera basi. Njira yonse anakangana za njira yachidule, ndipo basi itafika nkhalambayo inakana kutsika m'galimoto, inati kunja kukuzizira, bondo liwawa.