Dzina la Bambo pa Intaneti

Enelesi Ngozo ankalima mbatatesi ku Tsangano pa munda umene bambo ake anausiya. Pa matumba ake onse ankalembapo dzina la malemuwo, Mfundo Ngozo, ndipo ogula a ku Blantyre analizolowera. Woyang'anira malo ena odyera atamuuza kuti akulu ake sagula kwa mlimi wosapezeka pa intaneti, Enelesi anakwera minibasi kupita ku boma la Ntcheu kwa mlamu wake Sibongile, mkazi wa mchimwene wake, amene anali ndi shopu ya makompyuta.

"Poyamba tipeze dzina la webusaitiyo, alamu," anatero Sibongile. "Dzina limodzi silingakhale la anthu awiri. Wina akalembetsa, basi kwatha."

"Lembani la bambo. Angalitenge ndani?"

Sibongile analemba dzinalo, kumapeto n'kuika .com. Netiweki inali yofooka, ndipo kachizindikiro kanangozungulira. Kenaka panatuluka mawu ofiira.

"Latengedwa."

"Latengedwa bwanji? Mwina mwalakwitsa kalembedwe."

Anayesanso. Mawu ofiira omwewo. Enelesi anaganiza za mavenda a pamsewu amene nthawi ina anagulitsa mbatatesi zowola m'matumba ake akale. Kapena mmodzi wa iwo wamutsogolera? Ogula akamafufuza dzinali azikafika kwa wakuba?

"Tsegulani tione mwini wake," anatero.

Tsambalo linatseguka pang'onopang'ono, kuyambira pamwamba. Mwini wake sanali wa mbatatesi. Inali shopu ya mipando ya ku Joni. Pansi pake panayamba kuoneka chithunzi cha mwamuna wa imvi zapatalipatali, ataimirira pafupi ndi tebulo. Chipumi chitaoneka, Enelesi anagwira m'mphepete mwa mpando. Maso, mphuno, ngakhale mpata wa pakati pa mano, zonse zinali za bambo ake.

Sibongile anawerenga Chingerezicho motsitsa mawu. Munthuyo dzina lake linali Lazarus. Shopuyo anaitcha dzina la bambo ake, Mmalawi amene ankagwira ntchito mu mgodi ndipo anabwerera kwawo iye akadali khanda.

Panja kondakitala ankaitanira anthu a ku Balaka.

"Achimwene anu asamve kaye zimenezi," anatero Sibongile. "Mukuwadziwa mtima wawo."

"Ine nkhawa yanga ndi amayi. Wina wa kutchalitchi akafufuza dzinali pafoni n'kukawaonetsa nkhope imeneyi? Ndi BP yawo ija?"

"Ndiye tisinthe dzina. Tilembe lanu."

Enelesi anapukusa mutu. Matumba onse, makasitomala onse, ankadziwa la bambo. Komanso kulisiya kunamuonekera ngati kuvomera kuti dzinalo ndi la mlendoyo yekha.

Sibongile anafufuta .com n'kuika .mw, kusonyeza kuti ndi la kuno kwathu. Kachizindikiro kanazunguliranso. Ulendo uno panatuluka mawu obiriwira.

"Ili lilipo. Tilembetse?"

"Lembetsani msanga."

Anatumiza pempholo, koma mtima wa Enelesi sunakhale pansi. Mu minibasi yobwerera, pa msewu wokwera mapiri, ankangoyeserera mawu oti akanene. Onse ankamveka ngati akuneneza munthu amene ali m'manda.

Anawapeza mayi ake, a Loyce, atakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, akusankha mbewu ya mbatatesi. Anakhala pambali pawo n'kuyamba kuwathandiza. Mbatatesi zabwino ankaziponya pa mulu wa zowola.

"Iwe, zakuvuta n'chiyani? Dzina lija sanakupatse?"

"Andipatsa, amayi. Koma lina lofanana nalo lili ndi mwini wake. Ku Joni."

A Loyce anasiya kusankha.

"Mwamuna?"

"Eya."

"Lazarus?"

"Mukumudziwa?" anafunsa Enelesi.

"Bambo ako anandiuza za iye tisanapite n'kwa abambo mfumu ku parishi ya Nzama kukalembetsa ukwati. Anati ndidziwiretu, ndisadzamve kwa anthu. Boma litaletsa zopita ku migodi, njira yobwererako inasowa. Ankamutchula m'mapemphero, inu n'kumayesa ndi Lazaro wa m'Baibulo."

"Nanga osatiuza bwanji?"

"Ndikanakuuzani chiyani? Kuti muli ndi mbale amene sindikudziwa ngati ali moyo?" Anapukuta manja pa chitenje. "Uli nacho chithunzicho?"

Enelesi anatulutsa foni n'kuwapatsa. Mayiwo anaiyandikitsa kumaso, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Enelesi ankangowayang'ana pachifuwa, kuona mmene akupumira.

"Wakula bwino," anatero pomaliza. "Ndipo mipandoyi ndi yooneka. Nambala iyi ndi yake?"

"Ndi ya shopuyo."

"Uitane mchimwene wako Evance abwere Loweruka. Ndidzamuuza ndekha. Tikatero mumuimbire munthuyu. Mwina sakudziwa n'komwe kuti bambo ake anatisiya."

Mawa lake uthenga unafika pafoni wotsimikiza kuti dzina lija ndi la Enelesi tsopano. Anauwerenga ali m'munda, n'kuutumiza kwa Sibongile. Kenaka anayamba kuganiza za Loweruka, ndi chilankhulo chimene adzayambire moni kwa munthu amene mwina sadziwa Chichewa ngakhale liwu limodzi.