Diresi la Msoko Kunja

Lolemba m'mawa aphunzitsi a kusukulu ya mkaka anamubweza Kabatani, mwana wa telala. Makolo ena anali atadandaula kuti mwanayo ali ndi mphere, awapatsira anzake. Pakhosi, m'khwapa ndi m'chiuno mwake munali mofiira, pena mpaka pamatuluka timadzi chifukwa chokanda.

Telala zinamupweteka kwambiri. Mumsewu wonsewo munalibe mwana wotchena ngati wake. Kansalu kalikonse konyezimira kotsala pa madiresi a makasitomala amasokera Kabatani, n'kuika lesi pakhosi ndi lastiki yothina m'chiuno. Mwanayo ndiye anali chikwangwani cha shopu yake.

"Bambo ake, mawa tipite naye kuchipatala," anatero mkazi wake. "Kusukulu akuti asabwerenso mpaka atachira."

Kuchipatala namwino anamuvula mwanayo n'kumuyang'ana bwinobwino. Kenako anatembenuza diresi lija.

"Si mphere izi, ndipo sangapatsire munthu," anatero namwinoyo. "Khungu lake ndi louma, silichedwa kuyabwa. Koma taonani, pafiira kwambiri pomwe pakudutsa lesi, lastiki ndi misoko. Anasoka ndani diresili?"

Mkazi uja anayang'ana mwamuna wake. Telala anayamba kukhosomola chifuwa chomwe analibe.

"Ndine, anesi. Komatu nsaluyo ndi yodula."

"Khungu silidziwa mtengo, bambo. Nsalu ya nayiloni ngati iyi imasunga thukuta, thukutalo n'kumamuyabwa. Musokereni za thonje, zofewa, zokulirako pang'ono. Lesi musaike, ndipo msoko uzikhala kunja."

"Msoko kunja? Anthu aziti ndimasoka nditaledzera!"

"Asiyeni anene. Akukanda ndi mwana wanu, osati iwowo."

Mayi a Kabatani anaseka chamumtima, koma kusekako sikunapite patali. Namwino ananunkhiza diresilo.

"Nanga inu mayi, mumatsukuluza kangati?"

"Kamodzi basi, kuti kafungo ka sopo katsalire."

"Kafungoko ndi sopo wotsalira m'nsalu, ndipo akumupweteka mwana. Muzichapira sopo wosanunkhira, muzitsukuluza mpaka thovu lithe. Chovala chatsopano muziyamba mwachapa asanavale."

Anawapatsa mankhwala opaka pomwe pafiira, n'kuwauza kuti akamusambitsa azimudzoza mafuta osanunkhira thupi lonse.

Telala anakagula nsalu ya thonje. Anasoka diresi loyamba akung'ung'udza, phazi likuponda makina ngati makinawo ndiwo alakwa. Msoko unakhaladi kunja, koma ulemu wa ntchito yake sanautaye: msokowo anaukuta ndi kansalu kachikasu, n'kumaoneka ngati chokongoletsera. Mkazi wake naye anasintha kachapidwe.

Patapita masabata angapo, kufiira kuja kunazilala ndipo mwanayo anasiya kudzikanda. Mayi ake anakafotokozera aphunzitsi zomwe namwino ananena, Kabatani n'kubwerera kusukulu. Tsikulo telala anamuperekeza yekha, ndipo ataona mwana wake akuthamangira anzake manja ali m'mwamba, osati pakhosi, misozi inalengeza m'maso mwake.

Makolo, mwana wa khungu losachedwa kuyabwa muzimuveka zovala za thonje, zofewa ndi zosathina, zochapidwa ndi sopo wosanunkhira komanso zotsukuluzidwa bwino. Khungu likafiira, pitani naye kuchipatala msanga. Chovala chabwino kwa mwana ndi chomwe amasewera nacho osadzikanda.